Kalata ya ku HR siyankhidwa monga meseji ya pa WhatsApp

M'mawa mu basi ya ku Matero, jam yatigwila pa Lumumba Road. Mnyamata amene wakhala pambali panga wavala yunifomu ya shopu ina ya hardware mu town, ndipo ali bize ndi foni. Sindinafune kuona, koma mudziwa mmene timapanikizilana anayi pa mpando umodzi, maso amapita okha. Walembela ba supervisor kuti "am cming jam". Chabe. Ma tick awili abiliwila, koma yankho zii.

Kuchedwa si mlandu wake, jam siyopa munthu. Vuto ni lakuti meseji ija siinauze ba supervisor chilichonse chowathandiza. Iwo ali ndi funso limodzi m'mutu: pa kaunta ndiike ndani, mpaka nthawi yanji? Akanalemba kuti "Mwauka bwanji ba supervisor, nili pa Lumumba mu jam, nizafika 08:30", nkhani ikanatha. M'Chinyanja momwemo, popanda liwu lalikulu ngakhale limodzi.

Koma pa nchito pali zinthu zina zimene Chinyanja sichiloledwa kulowapo. Chizungu ndicho chinenelo cha boma muno mu Zambia, ndiye malipoti, makontrakiti ndi makalata a ku HR onse amabwela m'Chizungu. Ambili a ife timaganiza m'Chinyanja kapena m'Chibemba, kenaka n'kutembenuza polemba. Potembenuzapo m'pamene pamagwa anthu.

Tengani "he" ndi "she". M'Chinyanja timakamba kuti "anabwela", kaya ni mwamuna kaya ni mkazi, liwu ni limodzi. Ndiye lilime lathu silinazolowele kusankha, limangotola lililonse lili pafupi. Pocheza palibe amene amadandaula. Chinanso ni "borrow". Mu town timati "nibwelekeko", ndipo ambili amatembenuza kuti "borrow me". Koma m'Chizungu amene achita "borrow" ni uja watenga chinthu, wopatsa amachita "lend". Zioneka zazing'ono, eti? Mvelani izi.

Mudala wina, wosunga katundu pa warehouse ina ku Industrial Area, anapatsidwa exculpatory letter. Kwa amene simunaionepo, ni kalata imene kampani imakuuza mlandu wako ndi kukupempha kuti udziyankhile polemba, kambili m'masiku ochepa chabe. Employment Code Act ya 2019 siilola bwana kuchotsa munthu nchito chifukwa cha khalidwe kapena kagwilidwe ka nchito asanamupatse mpata womveka mbali yake. Kalata imene ulemba poyankha ni mbali yako ija, ndipo imakhala mu fayelo.

Mlandu wa mudala unali grinder imene inasowa. Zoona zake zinali zakuti ba manager, amene ni azimai, anamuuza kuti aipeleke kwa dalaivala wa ku branch ina, ndipo dalaivalayo sanaibweze. Mudala anagwila bolopeni n'kulemba kuti "I borrowed the grinder and he said she will bring it." Manje welengani monga munthu wa ku HR amene sanalipo tsiku lija. Wavomela yekha kuti anatenga grinder. "He" ni ndani? Nanga "she" amene azabweza ni ba manager? Munthu wosalakwa anadzilembela mlandu ndi dzanja lake.

Chimene chinam'pulumutsa ni mtsikana wa ku accounts amene anapemphedwa kuti aitaipe. Ataiwelenga anafunsa, "Ba mudala, ndimwe munatenga?" Mudala ati, "Awe, ine ninapatsa dalaivala." Anakhala pansi awili n'kuyambanso. Tsiku ndi nthawi poyamba. Dzina ndi udindo wa amene analamula, dzina la amene analandila, "he" ndi "she" onse kunja. Ziganizo zifupizifupi, chilichonse chokamba chinthu chimodzi. Pothela anatchula buku la pa geti mmene dalaivala anasaina potuluka.

Onani kuti sanawonjezemo Chizungu chapamwamba. Ine ndimaseka makalata aja oyamba ndi kudzichepetsa kwa mizele isanu, mawu aatali otola mu dikishonale, koma ukafika pansi sudziwa kuti chinachitika n'chiyani. Wa ku HR ali ndi mafayelo ambili pa tebulo, afuna kudziwa ndani, liti, kuti, ndipo umboni uli kuti. Galamala imene ifunika pamenepo ni ija yoonetsa bwino amene anachita chinthu, ndiponso ngati chinachitika kale kapena chikali kutsogolo. "I delivered" ndi "I will deliver" zisiyana monga "napeleka" ndi "nizapeleka", ndipo kasitomala amene ayembekezela simenti ku Chalala amadziwa kusiyana kwake.

Tikafika pa City Market, foni ya mnyamata uja inalila. Ba supervisor. Anayankha akutsika, chikwama ku dzanja lina, ndipo zonse zimene sanalembe anayamba kuzifotokoza pakamwa, pakati pa phokoso la ma ngwang'wazi. Ndinamumva akubweleza katatu kuti "08:30, bosi", pamene kondakita anali kumukoka shati kuti atenge chenji yake.