Dzina la Thabwa Sindilo Kukula Kwace

Lero tikambirana za matabwa, pakuti ambiri a inu muli kusunga ndarama kuti mukhome denga la nyumba, kapena mupangitse citseko ndi tebulo. Munthu angathe kugwira nchito miyezi isanu pansi pa mgodi, nataya phindu lace tsiku limodzi pa malo ogulitsira matabwa, cifukwa cosadziwa miyeso.

Miyeso imene timva ku msika ndi ya mitundu iwiri. Woyamba unadza ndi Angelezi, ndiwo wa mainchi, mapazi ndi mayadi. Mainchi 12 apanga phazi limodzi, ndipo mapazi 3 apanga yadi. Waciwiri ndiwo wa mita, umene unayambira ku France m'zaka za 1790, ndipo dziko lathu la Zambia linayamba kuutsata m'zaka za 1970. Uwu ngwosabvuta kuwerenga: mamilimita 1,000 apanga mita imodzi. M'caka ca 1959 Britain, America ndi maiko ena anapangana kuti inchi imodzi ikhale mamilimita 25.4. Motero phazi ndi mamilimita 304.8.

Tsono bvuto liri apa: amisiri ambiri akali kuchula matabwa m'mainchi, pamene oceka ayesa m'mamilimita. Thabwa lochedwa mainchi 2 kwa 4 liyenera kukhala mamilimita pafupifupi 51 kwa 102, koma pa muyeso watsopano alicha 50 kwa 100. Kusiyana kumeneku nkwakung'ono. Koma m'litali nkhani isintha. Mapazi 10 ndi mamita 3 ndi mamilimita 48. Mukapempha mapazi 10, wogulitsa nakupatsani mamita 3, phaso lanu laperewera pafupifupi mainchi 2, ndipo silidzafika pa khoma monga anayesera mmisiri. Momwemonso mamita 3.6 safika pa mapazi 12.

Caciwiri ndi ici: dzina la thabwa linena kukula kwace pamene licoka pa maceka. Likauma licepa, makamaka m'mimba mwace, ngakhale m'litali silisintha kwenikweni. Akalipala kuti lisalale licepanso. Ku America thabwa lopala limene alicha 2 kwa 4 liri mainchi 1½ kwa 3½ cabe, ndiko kuti mamilimita 38 kwa 89, ndipo onse kumeneko adziwa. Cifukwa cace funsani nthawi zonse ngati muyeso umene akuuzani uli wa thabwa lopala kapena losapala.

Cacitatu ndi ubwino wa mtengo. Mukwa, umene ife a Cinyanja tiuti mlombwa, sucepa kwambiri pouma, ndiye amisiri aukonda popanga zitseko ndi mipando. Mukusi wa ku nkhalango za ku Mulobezi ngwolemera ndi wolimba ndithu, kotero kuti unagwira nchito yoyala pansi pa njanji. Paini ndi bulugamu, mitengo yobzalidwa kuno ku Copperbelt, ndiyo yochipa, koma paini afuna mankhwala kuti ciswe cisadye. Ndiponso kumbukirani kuti ngakhale pa mlombwa, mbali yoyera ya kufupi ndi khungwa ifumbwa msanga. Yolimba ndi ya pamtima, yofiirira.

Pogula, citani zinthu izi. Tengani tepi yanu yokhala ndi mainchi ndi mamilimita, ndipo yesani thabwa liri lonse ku nsonga zonse ziwiri, popeza oceka ndi manja nthawi zina alekeza mopyapyala. Linyamuleni: likalemera koposa anzace a mtengo womwewo, likali laliwisi, ndipo lidzapindika mutalikhoma kale. Ikani diso ku nsonga, muone ngati lawongoka. Kanani la mfundo zazikuru m'mphepete, pakuti phaso lithyokera pa mfundo. Mukafika nawo kunyumba, asanjikeni pamthunzi, osati pa dothi, ndi timitengo pakati pao kuti mphepo ipite.

Pomariza, inu ndi mmisiri wanu panganani muyeso umodzi, mulembe pa pepala, ndipo pepala lomwelo lipite kwa wogulitsa. Wogulitsa woona mtima sakwiya poona tepi m'dzanja la wogula. Akakwiya, bwezani ndarama m'thumba, mupite kwa wina. Tsalani bwino nonse.