Kulakatula Chingerezi Si Muyeso wa Mkombaphala

Makolo akamakambirana za sukulu ya mkombaphala yabwino m'dera lawo, umboni wawo nthawi zambiri ndi wa tsiku lotsekera chaka: tiana titavala mikanjo, tikulakatula mayina a miyezi m'Chingerezi. Muyeso umenewu umapondereza malo osamalirako ana a m'midzi, aja timati ma CBCC. Alezi ambiri kumeneko ndi ongodzipereka, ufa wa phala amasonkha ndi makolo, ndipo nkhokwe zikapepuka mu Januwale ndi Febuluwale, malo ena amatseka kumene chifukwa ana sabwera kopanda phala. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015-16 adapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi ndi opinimbira, makamaka kumudzi. Choncho tikaika mwana wa ku Area 47 ku Lilongwe pambali pa mnzake wakumudzi ku Dedza n'kuwafunsa zilembo, zomwe tikuyesa kwenikweni ndi thumba la makolo ndi zimene ana adya.

Ena anganene kuti tikaleka kufananitsa, mlezi waulesi apeza pobisala, ndipo boma silidziwa kopititsa thandizo. Nkhawa imeneyi ndi yomveka, koma mayeso a tsiku limodzi sangaithetse. Kafukufuku wothandizidwa ndi World Bank pa ma CBCC 199 ku Balaka, Dedza, Thyolo ndi Nkhata Bay adapeza kuti kuphunzitsa alezi kunasintha kaphunzitsidwe m'kalasi, koma ana amene adapita patsogolo pa chilankhulo patatha miyezi 18 ndi okhawo amene makolo awonso ankaphunzira m'magulu za kaleredwe. Patatha miyezi 36 kusiyanako kudali kutazimirira. Ndiye kuti mlezi angathe kugwira bwino ntchito popanda kuonekera pa zotsatira, ndipo malo amene ali patsogolo chaka chino angafanane ndi anzawo chaka chamawa.

Kufananitsa kwachilungamo kuyambe ndi zimene komiti ya makolo ingawerenge yokha m'kaundula: malo adatsegula masiku angati m'miyezi ya njala, phala lidaphikidwa kangati, mlezi mmodzi akuyang'anira ana angati, nanga ana olumala akulandiridwa? Ngati tikufunabe kuyesa nzeru, tiyese mwana yemweyo pofika ndi potuluka, m'chilankhulo chimene amayankhula kunyumba.