Lamulo la "Onetsa Mapepala" ku Arizona

Cigawo ca Arizona ciri kum'mwera cakumadzulo kwa dziko la America, m'malire ndi Mexico. Ndi dziko la cipululu cotentha, ndipo anthu ambiri amataya moyo m'cipululumo pofuna kulowa mu America mozemba kuti akapeze nchito. Pa 23 April 2010, bwanamkubwa wa cigawoco, Mai Jan Brewer, anasaina lamulo lochedwa SB 1070. Pasanapite mwezi izi zisanacitike, mlimi wa ng'ombe Robert Krentz anaphedwa pa famu yake pafupi ndi malire, ndipo mitima ya anthu inali yowawa.

Funso loyamba limene anthu anali kufunsana m'maparishi ndi m'misika linali lakuti: kodi wapolisi angathe kuimitsa munthu pa njira cifukwa cabe ca khungu lake kapena cifukwa alankhula Cisipanishi? Pa pepala yankho ndi lakuti iai. Wapolisi ayenera kuyamba waimitsa munthu pa mlandu wina, monga kuthamangitsa motoka, ndipo ngati ali ndi cifukwa comveka cokaikira kuti munthuyo alibe cilolezo, pamenepo afufuze. Laisensi yoyendetsera motoka ya Arizona ikwanira kucotsa cikaiko. Koma ife tifunsa: kodi cikaiko comvekaco cimacokera kuti ngati si pa nkhope ndi pa lilime? Mu 2013 woweruza Murray Snow anapeza kuti apolisi a Joe Arpaio, mkulu wa apolisi m'dera la Maricopa, anali kusankhadi anthu a mtundu wa Cilatino powaimitsa. Ambiri mwa ovutikawo anali nzika zenizeni za America.

Ena anafunsa ngati cigawo ciri ndi mphamvu zodzipangira malamulo a alendo. Apa pafunika kudziwa kuti mu America nkhani za olowa ndi oturuka m'dziko ziri m'manja mwa boma lalikulu la ku Washington. Boma la Pulezidenti Obama linasumira Arizona, ndipo pa 25 June 2012 Khoti Lalikulu linafafaniza mbali zitatu: yoimba mlandu mlendo wosayenda ndi mapepala ake, yoimba mlandu wofuna nchito popanda cilolezo, ndi yolola apolisi kumanga munthu popanda kalata ya khoti pongomuganizira kuti ayenera kuthamangitsidwa m'dziko. Mbali yofunsa mapepala inatsala. Mu 2016 mkulu wa zamalamulo m'cigawoco anapereka malangizo akuti wapolisi asacedwetse munthu cabe cifukwa cofuna kufufuza za mapepala ake.

Funso lokhudza ife Akristu kwambiri ndi ili: nanga wotenga mnansi wake wopanda mapepala pa motoka kupita naye ku Misa kapena ku cipatala, kodi ndi wolakwa? Lamulolo linali ndi mbali yoletsa kunyamula kapena kusunga munthu wotere, ndipo atsogoleri a mipingo anaopa kuti nchito zacifundo zidzasanduka milandu. Khoti la apilo linatsimikiza kuimitsidwa kwa mbali imeneyi mu 2013. Maepiskopi a Katolika a m'cigawoco, pakati pao Ambuye Gerald Kicanas a ku Tucson ndi Ambuye Thomas Olmsted a ku Phoenix, anatsutsa lamuloli kuyambira pa ciyambi. Iwo sanakane kuti dziko liri ndi ufulu wolonda malire ake, pakuti Eklezia aphunzitsa zimenezo. Nkhawa yao inali pa mabanja: bambo alibe mapepala, koma ana anabadwira mu America ndipo ndi nzika. Bambo akagwidwa pa mlandu wa nyali yakufa ya motoka, banja ligawika pakati. Ndiponso mai womenyedwa kapena wobedwa aopa kukadandaula ku polisi, motero mbala zipeza mpata.

Amene analemba lamuloli, phungu Russell Pearce, anacotsedwa pa mpando ndi anthu a m'dera lake lomwe pa cisankho capadera mu November 2011, ndipo Arpaio anagonja pa cisankho ca 2016.