Chifukwa chake Maule ndi Manoma samwerana madzi

Kuno ku Dedza tili kutali ndi Kamuzu Stadium, koma tsiku lomwe Bullets ikukumana ndi Wanderers, ngakhale kogona ophunzira timagawikana pawiri, ofiira uku, abuluu uko. Udani umenewu ndi wapachibale. Wanderers inayamba mu 1962, ndipo mu 1967 osewera ena anaichokera n'kukayambitsa Bullets. Mayina a othandiza matimuwa akhala akusintha, Bata, Bakili ndi Nyasa mbali iyi, Limbe Leaf, MTL ndi Be Forward mbali inayo, koma mkangano udakali womwewo.

Wosewera amene ochemerera amadana naye kwambiri si wa timu inayo ayi. Ameneyo amangomukuwiza basi. Amene samukhululukira ndi wawo yemwe wawoloka, monga anachitira Jafali Chande pochoka ku Bullets kupita ku Wanderers mu 2016. Kwa wosewera, mpira ndi ntchito ya zaka zochepa, bondo likangothyoka yathera pomwepo, choncho amapita komwe akuona tsogolo. Wochemerera salandira kanthu. Timuyo anatengera kwa bambo kapena malume ake, n'chifukwa chake kusamukako amakuona ngati kugulitsa mtundu.

Kunyogodolana pakamwa kumakoma, ifenso timachita. Koma miyala ikayamba kuuluka, Sulom imalipiritsa timu chindapusa, ndalama zomwe zikanalipira osewera omwewo. Dedza Dynamos italowa mu Super League mu 2022, akuluakulu awiriwa anayamba kubwera pa Dedza Stadium, ndipo ena a ife tinasowa pokhala, kuchemerera anyamata akwathu kapena timu ya bambo.