Kutsatsa malonda pa intaneti ku Chitungwiza: phindu lake lili pati?

Tauni ya Chitungwiza, yomwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 25 kummwera kwa mzinda wa Harare m'dziko la Zimbabwe, ili ndi anthu oposa 370,000 malinga ndi kalembera wa m'chaka cha 2022. Idakhazikitsidwa mu 1978 pophatikiza madera a Seke, Zengeza ndi St Mary's, ndipo ena mwa anthu okhalamo ndi ana ndi zidzukulu za omwe adachoka ku Malawi, Mozambique ndi Zambia kukafuna ntchito. Poti ntchito zolembedwa n'zosowa, mabanja ambiri amadalira malonda ang'onoang'ono monga kuweta nkhuku, kusoka zovala, kukhoma mipando, kuwotcherera zitsulo ndiponso kugulitsa ndiwo zamasamba zochokera m'madimba a ku Seke.

Kale wamalonda ankangodikira ogula pamsika wa Chikwanha kapena pamagolosale a Makoni. Lero ambiri amajambula katundu wawo ndi lamya ya m'manja n'kumuonetsa pa Facebook ndi WhatsApp. Sipapita nthawi, lamya yomweyo imayamba kuwauza kuti akalipira madola ochepa, katundu wawo aonedwa ndi anthu zikwizikwi. Funso lomwe alangizi a m'madera akukumana nalo ndi lakuti: kodi ndalama imeneyi imabwerera?

Mmene zimayendera

Pa wailesi kapena m'nyuzipepala, wotsatsa malonda amalipira nthawi kapena malo, kaya uthengawo wamvedwa kaya ayi. Pa intaneti pali njira ina, yolipira pokhapokha munthu akadina pa uthengawo. Njirayi idatchuka kudzera ku kampani ya GoTo.com ya ku America mu 1998. Kampani ya Google idatsegula AdWords mu 2000 ndipo idayamba kulipiritsa podina mu 2002. Kuyambira mu 2018 ntchitoyi imadziwika ndi dzina loti Google Ads. Nayo Facebook idayambitsa dongosolo lake lotsatsira malonda mu 2007.

Mtengo wa kudina sukhazikika. Umapezeka ngati momwe zimakhalira ku okushoni ya fodya: amalonda onse ofuna kufikira anthu a mtundu umodzi amapikisana, ndipo opikisana akachuluka mtengo umakwera. Makampaniwa amayang'ananso ngati uthengawo ukukopa anthu, kotero kuti uthenga womveka bwino, wa chithunzi chooneka, ungathe kudinidwa motsika mtengo kusiyana ndi wolembedwa mwachisawawa.

Komabe wodina sindiye wogula. Akuluakulu adati fodya wako ndi yemwe ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Ena amadina mwangozi, ena pongofuna kuona, enanso kuti afunse mtengo n'kusowa. Onsewa wamalonda amawalipirira.

Masamu ake

Phindu la njirayi limadziwika powerengera, ndipo chitsanzo chongoyerekeza chingathandize. Mayi woweta nkhuku za nyama ku Zengeza wapereka madola 10. Ngati kudina kamodzi ndi masenti 10, ndiye kuti anthu 100 adina. Mwa iwo, 10 atumiza uthenga ndipo awiri okha ndiwo agula. Choncho wogula aliyense wapezeka ndi madola 5. Ngati mayiyu amapindula dola imodzi ndi theka pa nkhuku, ndipo aliyense wagula nkhuku ziwiri, phindu lonse ndi madola 6. Wagulitsa ndithu, koma wataya madola 4.

Kalipentala wa ku St Mary's amene amapindula madola 30 pa bedi atapereka madola 10 omwewo n'kupeza wogula mmodzi yekha, angatsale ndi madola 20. Uthenga ndi wofanana, ndalama ndi yofanana, koma zotsatira zasiyana kaamba ka kukula kwa phindu la pa katundu.

Ngakhale zili choncho, mayi wa nkhukuyu angapindule ngati mmodzi mwa ogulawo ali ndi malo odyera ndipo ayamba kutenga nkhuku 10 sabata iliyonse. Pamenepo madola 5 aja abweretsa madola 15 pa sabata. Apa ndi pomwe pagona nkhani: njirayi imakomera wogulitsa katundu wa phindu lalikulu, kapena amene amadziwa kusunga makasitomala kuti azibweranso. Kwa wogulitsa mulu wa tomato kwa munthu wodutsa, ndalamayo siingabwerere.

Zovuta za kumaloko

Ku Zimbabwe kuli zinthu zina zofunika kuziika m'masamuwa. Choyamba ndi mabandulo. Anthu ambiri amagula bandulo ya WhatsApp kapena ya Facebook yokha chifukwa ndi yotsikirako mtengo. Mu 2017, bungwe loyang'anira za mauthenga la POTRAZ lidapeza kuti WhatsApp yokha inkatenga magawo 44 pa 100 alionse a intaneti yogwiritsidwa ntchito pa lamya za m'manja m'dzikomo. Munthu wa bandulo ya Facebook yokha akadina uthenga wopita ku tsamba lina la pa intaneti, tsambalo silitseguka, koma kudinako kungathe kuwerengedwa. N'chifukwa chake mauthenga otengera wodina ku WhatsApp ya wogulitsa, omwe Facebook idayambitsa mu 2017, amayenerera amalonda ang'onoang'ono kuposa opita ku tsamba.

Chachiwiri ndi kalipiridwe. Ogula a ku Chitungwiza amalipira ndi ndalama ya pamanja kapena kudzera pa EcoCash, yomwe kampani ya Econet idakhazikitsa mu 2011. Koma makampani otsatsa malondawa ali kunja ndipo kawirikawiri amafuna madola a ku America kudzera pa khadi la Visa kapena Mastercard. Wamalonda amene walandira ndalama ya ZiG, yomwe idayamba kugwira ntchito mu Epulo 2024, ayenera kuisintha kaye. Zolipira ku banki ndi misonkho zimawonjezera pamtengo wa kudina kulikonse. Wopanda khadi amadalira anthu apakati, ndipo si onse amene amaonetsa umboni wa momwe ndalamayo yagwirira ntchito.

Chachitatu ndi mtunda. Uthenga ukaonedwa ku Bulawayo kapena ku Mutare, wodinayo sangabwere kudzagula nkhuku ku Zengeza. Ngakhale wogula wa ku Harare amafuna kuti katundu amufikire, ndipo mtengo wa minibasi umadya phindu. Ambiri salolanso kutumiza ndalama asanaone katundu poopa kuberedwa.

Zoyenera kutsata

Wofuna kuyesa njirayi ayambe wadziwa phindu lenileni la katundu wake atachotsa zonse zolowa, monga chakudya cha nkhuku, katemera, matabwa ndi mayendedwe. Kenako asankhe kuti uthenga wake uzioneka kwa anthu a m'dera lomwe angafikeko, monga Chitungwiza ndi madera oyandikana nayo. Mtengo wa katundu ulembedwe poyera kuti amene sangakwanitse asadine. Ndalama yoyambira ikhale yochepa, yoti itatayika banja silingagone ndi njala, ndipo aike malire a ndalama yogwiritsa ntchito pa tsiku.

Chofunikanso ndi kabuku. Wogula aliyense afunsidwe komwe wamvera za katunduyo, ndipo yankho lilembedwe. Chiwerengero cha anthu amene aona kapena kukonda chithunzi chimasangalatsa, koma sichigula ufa. Pakatha sabata ziwiri, wamalonda ayerekeze ndalama yomwe walipira ndi phindu lochokera kwa ogula amene adabwera kudzera mu uthengawo. Ngati phindu lachepa, aleke kapena asinthe uthenga.

Alangizi ali ndi udindo waukulu makamaka m'magulu osunga ndi kubwereketsa ndalama, omwe ku Zimbabwe amatchedwa mukando. Membala akafuna ngongole yotsatsira malonda, gulu limuthandize kuchita masamuwa asanalandire ndalamayo. Alimi a gulu limodzi angathenso kusonkha n'kutsatsa zokolola zawo pamodzi kwa ogula mopikulitsa, chifukwa wogula mmodzi wotere amabweza mtengo wa kudina kochuluka. Njira zosalipira, monga magulu a WhatsApp a m'dera, a ku tchalitchi ndi a makasitomala akale, ziyenera kuyesedwa poyamba, ndipo yolipirayi ibwere pokhapokha kabuku katasonyeza kuti katunduyo angathe kuisenza.