Kudziphunzitsa Chiswahili mu Mzinda wa Nairobi

Munthu wolankhula Chichewa akafika ku Nairobi, likulu la dziko la Kenya, khutu lake limayamba kutola mawu asanatsegule n'komwe buku. Pamsika wa Gikomba amamva wina akutchula "nyama", wina "moto", wina "nyumba", ndipo matanthauzo ake ndi omwewo amene timawadziwa kwathu. Izi zili choncho chifukwa Chiswahili ndi Chichewa ndi zinenero zapachibale, zochokera ku tsinde limodzi la Chibantu.

Malamulo aakulu a Kenya a chaka cha 2010 amati zinenero za boma ndi Chiswahili ndi Chingerezi. M'maofesi mlendo angathe kuthandizidwa m'Chingerezi, koma pamsika ndi m'maminibasi otchedwa matatu, pamene anthu amanenerera mtengo ndi kufunsana njira, Chiswahili ndicho chimamveka kwambiri. Wobwera kudzaphunzira kapena kudzachita malonda kawirikawiri sakhala ndi nthawi kapena ndalama zolipira mphunzitsi. Ayenera kudziphunzitsa yekha, ndipo chida chake chachikulu ndi chinenero chimene anayamwira.

Ntchito yoyamba ndiyo kufufuza mmene mawu amasinthira pochoka m'Chichewa kulowa m'Chiswahili. Taonani mawu awa: mvula ndi "mvua", njala ndi "njaa", njira ndi "njia", makala ndi "makaa", kuvala ndi "kuvaa". Kodi mwaona chimene chikusowa? Liwu la l kapena r limagwa likakhala m'phatikizo lomaliza. Taonaninso awa: madzi ndi "maji", dzina ndi "jina", dzino ndi "jino", kudza ndi "kuja". Pamene ife tili ndi dz, iwo amaika j. Wozindikira malamulo awiriwa wapeza mawu ambiri tsiku limodzi popanda kuwaloweza. Komabe si mawu onse amene amatsata njira imeneyi, pakuti Chiswahili chinabwereka mawu ochuluka ku Chiarabu, monga "kitabu" (buku), "sita" (6), "saba" (7) ndi "tisa" (9). Amenewa ndiwo ofunika kuwalemba m'kope ndi kuwaloweza.

Chibale chomwechi chili ndi misampha yake. Mphatikiri "-na-" m'Chichewa imaonetsa zochitika kale, koma m'Chiswahili imaonetsa zimene zikuchitika tsopano. Choncho mnzanu akati "ninakula" sakunena kuti anakula ayi, akunena kuti akudya. Akati "nitafika" musadikire kuti amalize chiganizo monga timachitira ndi "nditafika". Iye watha kale kulankhula, ndipo akutanthauza kuti adzafika. Nthawi yakale amaionetsa ndi "-li-", monga mu "nilifika". Mneni "kupita" kumeneko amatanthauza kudutsa, ndipo "ndege" ndi mbalame komanso ndege imene timaidziwa ife. Mawu otere ndi oopsa kuposa achilendo enieni, chifukwa munthu amaganiza kuti wamva pamene sanamve.

Msampha wina, umene ungasiyitse munthu basi, ndi kawerengedwe ka nthawi. Aswahili amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka. "Saa moja asubuhi", ndiko kuti ola loyamba la m'mawa, ndi 7 koloko, ndipo "saa nane mchana" ndi 2 koloko masana. Pomva nthawi m'Chiswahili, onjezerani kapena chotserani maola asanu ndi limodzi.

Nanga mawu atsopano angasungike bwanji m'mutu? M'chaka cha 1885 katswiri wa ku Germany, Hermann Ebbinghaus, anasonyeza kuti munthu amaiwala msanga zambiri zimene wangophunzira kumene, koma akazibwereza patapita nthawi zimakhazikika. Motero kuwerenga pang'ono tsiku lililonse, n'kubwereza za dzulo ndi za sabata yatha, kumapindulitsa kuposa kuchezera usiku umodzi pabuku. Zowerenga ndi zomvera sizisowa mu Nairobi: nyuzipepala ya Taifa Leo imatuluka m'Chiswahili, ndipo wailesi ya Radio Taifa imaulutsa nkhani m'chinenero chomwechi. Nkhani imene mwaimva kale m'Chingerezi ndiyo yabwino kuyambira, popeza mutu wake mukuudziwa.

Kufunsa ndi kulemba ndi njira yakale, ndipo Chichewa chathu chomwe chinaphunziridwapo motero m'dziko la Kenya lomweli. Kufupi ndi Mombasa, m'chaka cha 1853, mmishonale Johannes Rebmann anakumana ndi Salimini, munthu amene anagwidwa ukapolo kuchokera m'chigawo chapakati cha dziko limene lero ndi Malawi. Rebmann analibe buku lililonse la chinenerochi. Ankangofunsa Salimini ndi kulemba zimene wamva, ndipo mawuwo anasindikizidwa mu 1877 monga mtanthauziramawu wa "Kiniassa".

Chovuta chenicheni mu Nairobi ndi kupeza mpata wolankhula. Anthu ambiri akaona kuti mlendo akudodoma, amamuchitira chifundo n'kumuyankha m'Chingerezi, ndipo chifundo chimenechi chimachedwetsa kuphunzira. Wofuna kudziwa msanga adziikire lamulo loti pogula ndiwo, pokwera matatu ndi popereka moni asatuluke m'Chiswahili, ngakhale ena amuseke.

Pamenepo adzazindikiranso kuti zina zimene akumva mumsewu mulibe m'buku. Achinyamata a mumzindawu amalankhula Sheng, chilankhulo chimene chinakulira m'madera akum'mawa kwa mzinda otchedwa Eastlands. Chimasakaniza Chiswahili, Chingerezi ndi zinenero monga Chikikuyu ndi Chiluo, ndipo mawu ake amasintha kawirikawiri. Ndi bwino kuchimva, koma maziko akhale Chiswahili cha m'nyuzipepala, chimene chimamvekanso ku Mombasa ndi ku Dar es Salaam. Kwa mnzanu wa msinkhu umodzi mungathe kunena kuti "Sasa?" iye n'kuyankha kuti "Poa". Kwa munthu wamkulu nenani kuti "Habari yako, mzee?" kapena "Habari yako, mama?"