Shuga, nkhondo ndi ufulu wa ku Haiti

Kodi lero mwathira shuga m'phala? Tsinani pang'ono mulawe. Kutsekemera eti? Khalani pansi, azakhali anu akusimbireni nkhani ya shuga yomwe ili ndi misozi mkati.

Kodi kalekale shuga wa ku Ulaya ankachokera kuti? Wambiri ankachokera kutsidya kwa nyanja ya Atlantic, kudziko lomwe lero timati Haiti. Nthawiyo linkatchedwa Saint-Domingue, ndipo linali m'manja mwa dziko la France. Olima nzimbe anali akapolo, anthu akuda pafupifupi 500,000. Ankadula nzimbe dzuwa likuswa mtengo, osalandira ngakhale tambala.

Kodi anangopirira? Ayi ndithu! Mu Ogasiti 1791 anagalukira mabwana awo, n'kutentha minda ya nzimbe.

Nanga akuluakulu a ku Paris, likulu la France, ankati bwanji? Ankangokangana. Ena ankati munthu sagulitsidwa ngati mbuzi. Ena ankafunsa kuti akapolo akamasulidwa, nzimbe azidula ndani? Masiku ankapita, yankho osaoneka.

Ndiye chinawafulumizitsa n'chiyani? Nkhondo! Mu 1793 dziko la France linayamba kumenyana ndi Britain komanso Spain. Onsewa ankasirira dziko la shuga lija. Tsinzinani, muyerekeze kuti ndinu Sonthonax, nthumwi ya France kumeneko. Adani uku, adani uko, asilikali anu ndi ochepa. Mungadalire yani? Iye anaona kuti mphamvu zili mwa anthu akuda aja. Koma ndani angamenyere nkhondo munthu amene wam'manga unyolo? Mu Ogasiti 1793 analengeza kuti akapolo a kumpoto kwa dzikolo ndi mfulu.

Kodi uthengawu unafika bwanji ku Paris? Nthumwi zitatu zinakwera sitima yapamadzi. Mmodzi anali Jean-Baptiste Belley, wobadwira ku Senegal, amene anagulitsidwa ali kamwana. Taganizani, kapolo wakale akulowa m'nyumba ya malamulo ngati phungu! Pa 4 Febuluwale 1794 aphungu anagwirizana zothetsa ukapolo m'maiko onse olamulidwa ndi France. Chaka chomwecho Toussaint Louverture, mtsogoleri wa asilikali akuda amene ankamenyera nkhondo Spain, anasiya Spain n'kulowa mbali ya France.

Kodi nkhani inathera pomwepo? Kalanga ine, ayi. Mu 1802 Napoleon, wolamulira France panthawiyo, anabwezeretsa ukapolo kuzilumba zina za France. Ku Saint-Domingue nako anatumizako asilikali ambirimbiri. Koma anthu aja anali atalawa ufulu, ndipo unawatsekemera kuposa shuga. Anamenya nkhondo mpaka kupambana. Pa 1 Januwale 1804 analengeza kuti Haiti ndi dziko loima palokha.

Tsopano kantchito kanu ndi aka. Tengani nyemba, muike imodzi pa chaka chilichonse kuyambira 1791 mpaka 1803. Zakwana zingati? Umo ndi momwe anthu aja analimbikira kuchokera pomwe anagalukira. Mawa kusukulu pemphani aphunzitsi mapu, mupeze Senegal ndi Haiti. Kenako yendetsani chala panyanja yomwe kamwana Belley kanaoloka.